Ana 18, matebulo awiri, theka akuthawa teremu isanathe

Dalitso:
Makochi anzanga mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Chaka chatha komiti ya chigawo inandisiira ntchito yodzutsa table tennis ya ana, holo inapezeka, matebulo alipo awiri, limodzi lili bwino linalo kona ina inatupa chifukwa linanyowapo. Timakumana katatu pa sabata, maola awiri awiri. Teremu ino ndinalemba ana 18 a zaka 8 mpaka 14 koma pano amene akubwera osajomba ndi 9 basi, teremu yatha zinalinso chimodzimodzi, amabwera ndi moto masabata atatu oyamba kenako mmodzi mmodzi kumazimiririka. Ndikakumana nawo amangoti kochi tibwera mawa, osabwera. Chikundiwawa kwambiri nchakuti atsikana onse 5 apita. Akuluakulu amandiuza kuti kale chigawo chino chinali ndi osewera oopsa nde ndikufuna ndidziwe kuti kalelo ankapanga chani chomwe ine ndikuchiphonya, kapena ndi mafoniwa atilanda ana?

Yamikani:
Ase, tisanafike kwa mafoni tatiuza kaye, maola awiriwo mumapanga chani kwenikweni kuyambira pomwe watsegula chitseko mpaka potseka

Dalitso:
Timathamanga ndi kudziwongola mphindi 10, kenako ndimawaonetsa forehand (kumenya chikhatho chili kutsogolo) kapena backhand (kumenya kuseri kwa dzanja kuli kutsogolo) mphindi 10 zina, zotsalazo ndi magemu. Wowina amakhala patebulo, woluza amatuluka kukaima pamzere. Anawo amazikonda, phokoso lake limakhala losasimbika.

Yamikani:
Vuto ndi limenelo mbale wanga, ndipo tiye tiwerengere limodzi uone wekha. Wakhala ndi mphindi 100 za magemu. Gemu ya mapointi 11 ya ana imatenga mwina mphindi 5 kuphatikiza kuthamangitsa mpira pansi pa mabenchi, nde tebulo lililonse magemu 20, awiriwo magemu 40, gemu iliyonse anthu awiri, malo osewera ndi 80. Tsopano poti wowina sachoka, ana ako awiri akuthwa aja akutenga pafupifupi 40 okha. Otsala 40 agawane ana 16, aliyense magemu awiri kapena atatu, mphindi 10 mpaka 15 pa maola awiri, ndipo mphindi zimenezo akungomenyedwa 11-2, 11-3 anzawo akukuwa. Mwana wa zaka 9 wayenda mtunda kubwera kudzaima pamzere ola ndi theka nkuchititsidwa manyazi katatu, mawa angabwerenso? Amene akuzikonda ndi owinawo, phokoso ukulimvalo ndi lawo. Ndipo akuthwawo nawonso sakuphunzira kanthu, akungomenya ana omwe sangawabwezere mpira.

Dalitso:
Eee sindinaziwerengepo choncho. Ndipo otsala 9 aja ndi omwe amakhalitsa patebulo, zoona.

A Nkhoma:
Mwana wanga Dalitso, wafunsa za kale, ine ndinalipo nde ndiyankhe, mundipirire kutalikitsa. Ndinagwira bat koyamba ndili ndi zaka 11 m'ma 1980, pa kalabu ya kampani ina komwe bambo anga ankagwira ntchito. Munali matebulo anayi, ndipo chinthu chomwe anthu amaiwala akamakamba za nthawi ija nchakuti kochi weniweni kunalibe. Chinalipo ndi chitseko chotsegula tsiku lililonse madzulo ndi anthu akuluakulu osewera bwino omwe tinkawaona ndi maso. Ife ana ntchito yathu inali kutola mipira, koma wamkulu aliyense asanayambe gemu yake ankaitana mwana mmodzi nkumenya naye mphindi zingapo, forehand kwa forehand, akuwerenga mokweza, ukafika 20 osaphonya mawa akuitananso. Umu ndi momwe dzanja linkakhalira bwino, chifukwa mpira wochokera kwa munthu wodziwa umabwera malo amodzimodzi ndi liwiro limodzimodzi, pomwe ana awiri osadziwa akamenyerana mpira umafa pa kachiwiri.
Chachiwiri panali mndandanda pakhoma, tinkautcha makwerero. Mayina onse kuyambira woyamba mpaka womaliza, unkaloledwa kuputa amene ali pamwamba pako ndi malo awiri okha, ukamugonjetsa musinthana. Nde olo mwana wa nambala 30 anali ndi nkhondo yake ndi wa nambala 29, sankalimbana ndi katswiri. Loweruka makalabu ndi masukulu ankayenderana, zotsatira zinkalembedwa mu kope lalikulu lachikuto cholimba.
Chinatipha si ana ayi. Kampani itatseka kalabu matebulo anagulitsidwa, makalabu ena anatsatira, ife osewera tinabalalika aliyense kukasaka pogwira, ndipo palibe anaganiza zoti pakhale wolandira ndodo. Papita zaka zoposa 20 popanda mwana woona wamkulu akusewera. Iwe ukuyesa kukhala wekha zomwe kale ankachita anthu 15. Kope lija sindikudziwa linathera kuti, zimandiwawa mpaka lero.

Wongani:
Madala ulemu wanu, koma ine ndikuona mosiyana pang'ono. Ndi matebulo awiri sungaphunzitse ana 18, tisanamizane. Dalitso sankha anayi omwe ali ndi dzanja, uwapanikize tsiku lililonse, pakatha zaka ziwiri ukhala ndi mwana wobweretsa mendulo ndipo mendulo ndi yomwe imakopa othandiza. Ku China amasankha ana ali aang'ono kwambiri nkuwaika m'masukulu a masewera, nchifukwa chake chiyambireni table tennis kulowa mu Olympics ku Seoul mu 1988 golide wambiri wapita kwawo. Enawo akafuna azibwera kudzasangalala Loweruka.

Madam Jere:
A Wongani, China imasankha kuchokera mu chinamtindi cha ana osewera, inu mukusankha anayi kuchokera pa 18 omwe agwira bat miyezi iwiri. Pa msinkhu umenewo amene akuoneka wakuthwa nthawi zambiri ndi amene wakula msanga thupi kapena ali ndi mkulu wake wosewera, pofika zaka 14 zimatembenuka, ine ndaziona kusukulu kwathu kangapo. Ndipo mwa anayi anuwo mmodzi makolo asamuka, wina apita ku mpira wamiyendo, wina mayeso amugwira, mutsala ndi mmodzi wopanda womenya naye.
Ngati tikufuna chitsanzo tiyang'ane Sweden, dziko la anthu osafika 9 miliyoni nthawi imeneyo, linagonjetsa China 5-0 mu fainolo ya matimu ya mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Dortmund mu 1989, Jan-Ove Waldner, Jörgen Persson ndi Mikael Appelgren. Anyamata amenewo anakulira m'makalabu wamba momwe ana ndi akulu ankasewerera holo imodzi, ndipo patsogolo pawo panali Stellan Bengtsson yemwe anawina mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1971 ali ndi zaka 18, anali ndi womuyang'ana. Waldner anadzatenganso golide ku Olympics ya ku Barcelona mu 1992. Ku Lagos mpikisano wa Asoju Oba Cup unayamba mu 1968 nkumachitika chaka ndi chaka, mwana ankadziwa kuti chaka chamawa ulipo, nde sizodabwitsa kuti Nigeria inatulutsa Atanda Musa, kenako Segun Toriola yemwe anapita ku Olympics ka 7, kenako Quadri Aruna yemwe anagonjetsa Timo Boll, katswiri wa ku Germany, nkufika mu quarter final ku Rio mu 2016. Ndi mzera wosaduka, zomwe a Nkhoma akunena kuti kwathu unaduka.

Wongani:
Ndakumvani madam, koma funso langa lilipobe, matebulo ndi awiri. Ana 18 aima pati?

Yamikani:
Saima, nkhani yake ndi imeneyo. Dalitso gawa anawo magulu atatu a 6, potengera pomwe afika osati zaka. Tebulo labwino likhale la multiball, iwe uime pambali pa neti ndi beseni la mipira, ukuwaponyera ndi bat mmodzi mmodzi, pafupifupi mpira umodzi pa sekondi, mwana mmodzi akumenya, wina ali kumbuyo kwake akutsanzira mayendedwe omwewo opanda mpira, ena akutola nkumadzazanso beseni. Mphindi ziwiri wamenya mipira pafupifupi 100, musinthe. Yerekeza ndi magemu atatu aja momwe mwina anagunda mpira ka 30 tsiku lonse. Ndipo multiball imakulola kumupatsa mwana aliyense mpira wa saizi yake, woyamba kumene umuponyera wofewa wokwera pang'ono malo amodzi, wakuthwa umupatsa backspin (mpira wozungulira chammbuyo) ku backhand kenako topspin (wozungulira chakutsogolo) kutali ku forehand kuti miyendo igwire ntchito.
Tebulo la kona yotupa lisakudandaulitse, ligawe pakati mulitali ndi chingwe kapena choko, tebulo ndi lotambalala 1.525m nde theka lililonse likukwana ana awiri omenyerana mowongoka, ana anayi nthawi imodzi, awiri otsala akuwerenga. Asapikisane kuti wawina ndani, apikisane kuti awiri ati afika patali osagwetsa mpira, ukalemba rekodi pakhoma uona momwe amalimbikirira. Mbali yotupayo uike oyeserera sevisi yaifupi yomwe sifika kukona.
Gulu lachitatu silifuna tebulo. Kudumphitsa mpira pa bat mbali zonse, kumenyetsa kukhoma, kuyenda chammbali pakati pa mizere ya choko, kupukuta mpira pansi kuti ubwerere wokha kwa iwe, pamenepo mwana amamvetsa sipini ndi maso ake. Mphindi 25 gulu lililonse nkusinthana, zotsala kumapeto ndi magemu koma a makwerero a madala aja, wowina ndi woluza onse atuluke.

Dalitso:
Izi ndazimva bwino koma ndili ndekha ase. Ndikakhala pa beseni magulu awiri enawo ayamba kuthamangitsana ndi ma bat. Komanso mipira ndili nayo 14 yokha.

A Nkhoma:
Suli wekha, sunatiitane basi. Anzanga omwe tinkasewera nawo alipo amoyo osachepera asanu m'chigawo chomwechino, ena mawondo anatha sangathamange koma kuponya multiball sikufuna mawondo, kumafuna dzanja, ndipo dzanja silikalamba msanga. Ine Lachiwiri ndi Lachinayi ndilipo. Ndiwaimbira enawo usiku uno.

A Banda:
Ndalowa mochedwa, ndinali koimbira magemu. Zoti madala abwerere ndagwirizana nazo ndi mtima wonse koma ndipemphe chinthu chimodzi mwaulemu, tikhale pansi kaye ola limodzi tikambirane malamulo, chifukwa gemu yomwe munkasewera inasintha kwambiri. Mpira unali wa 38mm, mu 2000 unakhala wa 40mm, waukulu, wochedwerapo, sipini yochepa. Mu 2001 gemu inachoka pa mapointi 21 kufika pa 11, sevisi kusinthana pakatha mapointi awiri osati asanu. Mu 2002 analetsa kubisa mpira ndi mkono kapena thupi poseva. Guluu uja wa fungo munkapaka rabala musanalowe gemu analetsedwa mu 2008, ndipo kuyambira 2014 mipira ndi ya pulasitiki osati celluloid. Ndikunena izi chifukwa chaka chatha ndinaimbira mwana wina wabwino kwambiri yemwe anaphunzitsidwa sevisi ndi amalume ake, yobisa, yoponya kuchokera pa zala, ndinamuchenjeza kamodzi kenako ndinayamba kupereka mapointi kwa mnzake, mwana analira ndipo mlandu sunali wake. Mpira ukhale pachikhatho chotambasula, uponyedwe mmwamba osachepera 16cm, uoneke nthawi yonse kwa wolandira. Aphunzire zimenezi tsiku loyamba, kusintha pambuyo nkovuta.

A Nkhoma:
Palibe chokhumudwitsa pamenepo a Banda, bwerani mutiphunzitse. Sevisi yanga yonse inali yobisa ndi phewa, sindingafune mwana aitengere.

Madam Jere:
Ndibwerere kwa atsikana 5 aja chifukwa tikangozidumpha apa zibwerezanso. Dalitso, unawafunsa okha chifukwa chomwe anasiyira, kapena unafunsa anyamata? Kwa ine zifukwa zimakhala zitatu ndipo sizikhudza bat. Nthawi yoweruka, ngati mukutseka kutada kholo silingalole mtsikana wa zaka 12 kuyenda yekha. Kusowa munthu wamkazi wamkulu muholo, makolo ambiri amafunsa zimenezo olo sakuuza iweyo. Ndi mzere uja, anyamata amakankhana kulowa patsogolo, mtsikana amangozisiya nkukhala pabenchi, tsiku lachitatu sabweranso. Ine ndinayamba ndi ola la atsikana okha kamodzi pa sabata, atazolowera ndinawasakaniza potengera makwerero, pano nambala 2 pa sukulu yonse ndi mtsikana ndipo anyamata amamuopa backhand yake. Uwaonetsenso mavidiyo a Hana Goda wa ku Egypt, anawina Africa Cup ya akuluakulu mu 2022 ali ndi zaka 14, ndi Funke Oshonaike wa ku Nigeria yemwe naye anafika ku Olympics ka 7. Pita kwa makolo wekha, osatuma mwana, ukafotokoze nthawi yoyamba ndi yomaliza ndi amene adzakhalepo. Ndikhoza kukuperekeza ulendo woyamba.

Dalitso:
Madam sindinawafunse, ndinangomva kwa anzawo kuti atopa nazo. Timatseka 6 koloko, nyengo ino kumakhala kutayamba kuda. Ndisuntha tiyambe 3 koloko titseke 5. Zondiperekeza ndavomera ndi manja awiri.

Wongani:
Chabwino mwandigonjetsa theka. Koma awiri akuthwa aja musawaiwale, mukawasandutsa otola mipira athawanso iwowo. Apatseni mphindi 30 zawo pamapeto ndi madala, amenye ndi munthu wowaposa. Félix Lebrun wa ku France anatenga bronze ku Olympics ya ku Paris mu 2024 ali ndi zaka 17, iye ndi mkulu wake Alexis anakulira mu kalabu ya ku Montpellier bambo awo ali osewera wakale, mwana wakuthwa amafuna wamkulu womupanikiza tsiku ndi tsiku. Pa mipira Dalitso, usagule ya 3 star, imeneyo ndi ya tonamenti, pali ya thireningi yogulitsidwa yambiri m'bokosi limodzi, multiball imafuna mipira osachepera 60 kuti beseni lisamaume msanga. Ine ndili ndi 40 yomwe ikungokhala, udzatenge. Yophwanyika pang'ono usataye, ndi yabwino kwa gulu la kukhoma.

Yamikani:
Ndipo ma bat ali bwanji? Tenga mpira uukhuze pa rabala, ukangotsetsereka ngati pagalasi rabalayo inafa, mwana sangaphunzire topspin ndi chinthu chosagwira mpira, amayamba kukankha mmalo mopukuta ndipo chizolowezi chimenecho chimatenga chaka kuchichotsa. Bola ma bat 6 amoyo osinthana pa tebulo la multiball kusiyana ndi 18 akufa. Akatha kusewera apukute ndi kansalu konyowa pang'ono, asawasiye padzuwa. Osawapatsa thabwa la carbon lothamanga, la matabwa okhaokha 5 ply (timagawo tisanu tomatana) ndi lokwana. Komanso a zaka 8 aja, tebulo ndi lalitali 76cm, kwa ena likufika pachifuwa nde amakweza chigongono ndi phewa kuti afikire, ukapeza thabwa lotambalala lolimba loti aimepo losagwedera zithandiza, apo ayi akhalitse ku gulu la kukhoma ndi multiball yofewa mpaka atakula pang'ono.

Dalitso:
Ndayesa pompano, mwa ma bat 12 amene akugwira mpira ndi 5. Zikomo nonse, ndiyamba Lachiwiri, ndidzakuuzani.

Dalitso:
Makochi ndabweranso patatha masabata atatu. A Nkhoma anabwera ndi anzawo awiri, a Banda anatipatsa ola lawo la malamulo, madala anakangana nawo pang'ono pa nkhani ya sevisi koma zinatha bwino. Ana pano ndi 15, atsikana abwerera atatu titayenda ndi madam, mmodzi anabwera ndi mng'ono wake. Rekodi ya kumenyerana osagwetsa inayamba pa 7 pano ili pa 43 ndipo aiika ndi ana awiri omwe kale sankawina gemu olo imodzi. Makwerero tinamata pakhoma, Lachinayi mwana wa nambala 13 anagonjetsa wa nambala 12 anakuwa ngati watenga chikho. China chomwe sindinayembekezere, mmodzi mwa madala anabweretsa zithunzi zakale ndi masatifiketi mu envelopu, ana anamuzungulira mphindi 20 osafuna kubwerera patebulo, nde ndayamba kuwajambula mawu pafoni akamafotokoza za nthawi ija, ndagulanso kope lachikuto cholimba tikulembamo zotsatira zonse.
Vuto latsopano ndi ili, dzanja langa la multiball silili bwino, backspin yanga imapita paliponse, ndipo ana akufunsa kuti tidzasewera liti ndi anthu ena.

A Nkhoma:
Za dzanja usade nkhawa, ubwere 2 koloko ana asanafike. Ukugwetsa mpira kutali ndi thupi ndipo ukumenya ndi mkono wonse, uyambe waudumphitsa patebulo kaye kenako udule ndi mkono wakutsogolo wokha, tiika pepala mbali inayo uzilasa pamenepo mabeseni awiri tsiku lililonse.

Madam Jere:
Zosewera ndi ena, ana anga 10 ndi okonzeka. Loweruka lomaliza la mwezi uno tibwera kwanuko, mwezi wamawa mubwere kwathu, tizipanga choncho mwezi ndi mwezi olo tikhale masukulu awiri okha poyamba. Tisapange knockout, mwana asabwere kudzasewera gemu imodzi nkubwerera. Magulu a ana 5 ofanana mphamvu, aliyense akumane ndi aliyense, ndi magemu 10 pa gulu, aliyense asewera 4. Ana 25 ndi magulu asanu, magemu 50.

A Banda:
Magemu 50 pa matebulo awiri, mukapanga best of 3 (woyamba kuwina kawiri wapambana) iliyonse mphindi 12 mpaka 15, ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ana atopa. Wongani bweretsa tebulo lako lopinda lija akhale atatu tithe m'maola anayi. Ine ndiimbira gulu lapamwamba, magulu enawo aziimbirana okha ana ndikuwayang'anira, aphunzire kuwerenga ndi kusinthana sevisi.

Wongani:
Tebulo ndibweretsa Lachisanu madzulo, koma neti yake inang'ambika, wina abwere ndi neti ndi zomangira zake.

Yamikani:
Neti ndili nayo. Dalitso nditumizire mayina ndi manambala a pa makwerero pofika Lachitatu, madam inunso chimodzimodzi, ndigawe magulu.